Dzimbiri pa Maluwa a Hubertine

Lolemba, 4 Novembala 1974

Mvula. Nkhungu pa mtsinje wa Meuse mpaka masana. Malasha akweranso mtengo. Mwamuna wanga Fernand akuti chaka chino tiwotha nthenga za nkhunda zake.

Ntchito imodzi yokha lero, koma yogwira mtima. A Dethier, aphunzitsi opuma aja a ku Vottem, abwera ndi mfuti ya m'manja yokulunga m'mpango. Kuda kwake kunasuluka m'mbali. Thupi lonse maluwa ozokota, masamba a mpesa, timphukira topyapyala ngati tsitsi. Anazokota ndi akazi awo, malemu Hubertine, amene tinawaika m'manda mu Epulo. Akufuna ndiidetsenso lisanafike tsiku la Eloi Woyera, nkhoswe ya amisiri a zitsulo, pa 1 Disembala, akaiike paphwando patebulo la ozokota pamalo pomwe mayiwo ankakhala. "Kwina sindikanapita nayo, mayi. Mu Herstal muno manja ndi a kwa Lhoest basi." Dzina la bambo anga limenelo. Ndanyada, ndisaname.

Lachitatu, 6 Novembala

Ndikusekabe ndikakumbukira nkhope ya a Dethier dzana, nditawauza kuti mfuti yawo ndiichititsa dzimbiri dala. Kupaka mankhwala a bambo, kuisiya m'kabati ya chinyontho ifiire, kuwiritsa m'madzi a mvula kufiirako kusanduke kuda, kukwecha ndi bulashi ya waya, kubwereza mpaka ide bii. Dzimbiri loweta limatchinga lakutchire, ankatero bambo.

Lero kusalaza. Pang'onopang'ono, mpweya uli m'khosi. Maluwa a Hubertine ndi osaya, sandipepa akangodya mopitirira ndiye apita, wowabwezera kulibe. Pomaliza ndayendetsa chala chopanda golovesi ponseponse monga mwa masiku onse, poti chala chimaona zimene diso laphonya. See! Mawa kutsuka mafuta ndi kupaka koyamba.

Lachinayi, 7 Novembala

Chidindo cha chala. Chofiira, mizere yonse kuoneka, pakati penipeni pa tsamba la mpesa. Si cha pamwamba ayi, chalowa m'chitsulo.

Ndamukalipira Fernand mpaka khofi wake wazizira. Iye: "Ine kugwira mfuti? Ndimaiopa kuposa mmene ndinkawaopera bambo ako." Zoona, mu shopu amangofika pakhomo. Koma nanga ndani?

Ndasalazanso. Tsamba lija lachepako mphamvu. Wina sangaone. Ine ndikuona.

Loweruka, 9 Novembala

Zina ziwiri, pafupi ndi chogwirira. Shopu ndinakhoma, kiyi anali m'thumba la epuloni yanga.

Ndakwera pamakwerero kuyang'ana denga. Silikudontha. Ndataya madzi onse a m'mgolo, ndasintha nsanza, ndatukwana nkhungu. Kutentha kuja kwandipezanso ndili pabenchi, kuyambira m'chifuwa kukwera kumaso, thukuta kamukamu mu Novembala. Kuyambira chilimwe ndi zomwezi.

Zimene ndikuganiza sindilemba.

Lachiwiri, 12 Novembala

Ndatulutsa kachitsulo ka bambo m'dirowa. Kaphanthiphanthi, kosalala ngati galasi. Aliyense wofuna ntchito kwa Lhoest ankadindapo chala, n'kuuzidwa kuti abwere mawa. Pakakhala poyera, walembedwa. Pakafiira, bambo ankamuperekeza mwaulemu mpaka pamsewu: "Manja adzimbiri, mwanawe. Kaphike buledi, kumeneko sudzalakwira munthu." Ine ndinadinda ndili mtsikana, panali poyera, bambo anagula keke.

Ndakasalaza, ndadinda kumanzere. Fernand kumanja. Akuti, "Tsitsi lonse latha ndili m'nyumba muno, lero ndiye ndikufunsira ntchito?" Sindinaseke.

Lachitatu, 13 Novembala

Kumanja poyera. Kumanzere psuu.

Fernand wayang'ana nthawi yaitali, kenako: "Kodi si ine ndinadinda kumanzere?" Bodza la mwana. Chala chake n'chachikulu ngati supuni.

Ndasamba m'manja ndi soda mpaka khungu kuwawa. Ndadindanso. Ndikudziwa kale.

Lachisanu, 15 Novembala

Kwa dokotala. Ndalipira kuti ndimve zimene mayi aliyense wa mumsewu mwathu akanandiuza ulere: ndi msinkhu, msambo ukutha, thukuta lotere limabwera. Za chitsulo angotukula mapewa. Kodi zidzatha? "Mwina chaka chamawa, mwina ayi. Pumulani, mayi." Ndipumule tidye chiyani, penshoni ya Fernand ya udalaivala wa basi?

Magolovesi a nsalu anyowa ndisanathe mbali imodzi, thukuta kubooleza. A labala ndi okhuthala ngati a otsuka zimbudzi, ndiye ngati ndikugwira ntchito ndi mapazi. Sindinamve kuti sandipepa wafika pati. Kamphukira kamodzi ka mpesa, kaja kopiringizika pamwamba pa chowombera, kafufutika. Kulibenso.

Ndakhala pansi pa simenti. Pepani, Hubertine. Pepani, pepani.

Lachiwiri, 19 Novembala

A Dethier anagogoda dzulo kudzaona mmene zikuyendera. Ndinazimitsa nyale n'kukhala zii kuseri kwa kabati ngati wakuba, ine mwana wa Lhoest, mu shopu ya bambo anga.

Mfuti ili m'mafuta, sindikuigwira. Kuitumiza kufakitale ya mfuti? Kumeneko amaviika zonse pamodzi m'thanki yotentha ngati akukazinga tchipisi, ndipo wosalaza wawo angamete mpesa wonse asanamalize ndudu. Kuibweza ili yoyera chonchi? Ifiira isanafike ku Vottem.

Ntchito ina sindiidziwa. Sindinabereke, sinditha kusoka, supu wanga ngakhale Fernand amamuthira mchere mobisa. Chomwe ndinali nacho ndi manja awa. Andiukira ngati galu wa pakhomo.

Lachitatu, 20 Novembala

M'mawa Fernand walowa mu shopu yekha, atavala epuloni ya bambo, yosafika n'komwe pamimba. Watambasula manja. "Awa ndi ouma ngati buledi wadzana, wadziwonera wekha. Iwe ukhale maso. Ungondiuza, koma osatukwana amayi anga."

Ndinafuna kumuthamangitsa. Ndamupatsa magolovesi.

Loweruka, 23 Novembala

Kupaka kwachitatu. Ine chilili kumbuyo kwake, manja m'thumba la epuloni, pakamwa pokha ndiye pakugwira ntchito. Chepetsa! Usabwereze pomwe wapaka! Ukukwecha ngati ukutsuka khola la nkhunda! Iye thukuta pachipumi, ndikumupukuta ndi chigongono changa kuopa lingadonthere. Akuti oyang'anira mabasi onse amene anamuzunzapo anali angelo.

Amagwira bwino, ndivomere. Pang'onopang'ono ngati akulowetsa basi m'kamsewu kopapatiza. Zikundipweteka kuti akutha. Nsanje pa mwamuna wako yemwe, zochititsa manyazi.

Kunyumba ndikudzipeza ndikupukuta foloko ndikangoigwira. Chogwirira chitseko. Lumo.

Lachinayi, 28 Novembala

Yada. Bii, kuda kozama kwa kwathu kuja, kokhala ngati kuli ndi kubiriwira mkati. Masamba a Hubertine aima bwinobwino. Yagona m'mafuta. Fernand wamwa kagalasi ka peketi, kachasu wa kuno, ataimirira, wapita kukauza nkhunda zake.

Sindinaikhudze n'kamodzi komwe. Ntchito yokongola chonchi, ine ndangoionera ngati mlendo. Pomwe panali kamphukira pali see, ndipo diso langa likungothamangira pomwepo.

Loweruka, 30 Novembala

A Dethier abwera. Avala magalasi, aitembenuza mfutiyo pawindo. Kenako chala chawo chaima. "Apa panali kanthu kopiringizika. Anakazokota tsiku limene ndinamukwiyitsa, ankati ndi mchira wanga."

Ndikanati kanali kofufutika kale. Mawuwo anafika mpaka pamano. Koma ndawauza zonse: chidindo, kachitsulo ka bambo, magolovesi, manja a Fernand. Sanakalipe, bola akanakalipa. Aika ndalama pabenchi, aikulunga m'mpango muja, akuti, "Zikomo pondiuza, mayi." Atambasula dzanja. Langa lakana kutuluka m'thumba. Adikira pang'ono, atuluka.

Si munthu wamiseche, koma mawa patebulo adzafunsidwa kuti inadetsedwa kuti, ndipo kunama sadziwa. Pofika madzulo Herstal yense adzakhala atamva kuti kwa Lhoest manja achita dzimbiri. Ndani adzabweretsenso chitsulo chake kuno?

Lamlungu, 1 Disembala

Eloi Woyera. Ndinati sindipita. Kukakhala pakati pa osula, osalaza, ozokota, aliyense akupereka moni wa padzanja, ine ngati wakhate? Fernand anangondiponyera chikhoto. "Amve uli pomwepo, osati uli kuseri kwa kabati. Tiye." Ndiye kuti ankadziwa za kabati.

Mumsewu mphepo yozizira, mabelu akulira. Manja anga m'matumba. Pakona ya wogulitsa nyama Fernand waima, wandiyang'ana mokwiya, zomwe sachita. Akuti kuyambira tsiku la kachitsulo sindinamugwire, ngakhale pomupatsa kapu ndimaika patebulo. Sindinadziwe. Ndaganizaganiza, n'zoona.

Walowetsa dzanja m'thumba langa n'kutulutsa langa ngati akutulutsa nkhunda yodwala m'khola. Ndinakoka. Wakanikiza.

"Ine si chitsulo, Ghislaine."

Langa linali lonyowa kwambiri. Pakhomo pa tchalitchi anthu anali atayamba kale kucheuka, ndipo iye sanalisiye.