Ndinalephera Kuwatsina Khutu Alamu

Okondedwa Achemwali,

Landirani moni wanga, inu ndi ana onse pakhomopo. Kaya mukudzuka bwanji masiku ano? Bondo lija limakuvutani kukamazizira, kodi latsikako? Nanga amayi akumwabe mankhwala awo a kuthamanga kwa magazi, kapena ayambanso kuwabisa kunsi kwa pilo? Ine kuno m'thupi ndili bwino, kupatula kachifuwa ka fumbi kamene aliyense amakhala nako nyengo ino.

Mudabwa kuona kalata pamene foni ilipo. Ndayesa kawiri kukuimbirani, koma mukangoyankha ndimayamba kufunsa za mvula ndi za sukulu ya ana, nkhani yeniyeni n'kubwerera kukhosi. Ndiye ndati bola pepala. Muwerenge muli nokha, mutakhala pansi. Musaope, palibe wamwalira ndipo palibe wavulala.

Za kuno ndi zomwe zija. Anandisamutsira chipinda chapamwamba, zenera lake layang'ana msewu wopita kumgodi. Mpopi wa m'bafa ukudontha mwezi wachitatu uno. Ine amene ndimayang'anira anthu makumi atatu okonza magalimoto aakulu ngati nyumba, ndalephera kupeza munthu woti andisinthire kampira kamodzi.

Nkhani imene ndalembera ndi ya alamu, amuna anu. Koma kuti muimve bwino ndiyambe ndi ntchito yanga, poti sindinakufotokozerenipo mokwanira.

Galimoto yonyamula miyala m'mgodi ikagwira ntchito zaka zambiri, imalowa m'shedi mwathu kuti tiimangenso. Timaiphwasula yonse. Timachotsa matayala aja otalika kuposa anthu awiri, injini, ndi chibeseni chakumbuyo chonyamulira miyala, mpaka kutsala chitsulo cha msana chokha. Owotcherera amafufuza ming'alu n'kuitseka, amakanika amaika injini ina, amagetsi amakoka mawaya atsopano. Ine sipanala ndinasiya kugwira. Yanga ndi bolodi ya pakhoma yolembapo choti chichitike tsiku lililonse, kulondola zipangizo zikachedwa, ndi kusaina kuti galimoto yatha, ibwerere kudzenje. Iliyonse amatipatsa masabata khumi.

Mukudziwa kuti pano ndinafika chifukwa cha alamu. Ndinagona pansi m'chipinda mwawo miyezi isanu ndi iwiri. Nsapato zanga zoyamba za ntchito zinali zawo, ndinkaikamo nyuzipepala kutsogolo kuti zisavuke. Ndi iwo amene anandigwira dzanja kupita nane kwa kapitawo wa m'shedi, n'kumuuza kuti kamnyamata aka n'kaulesi koma kali ndi mutu. Iwo anakhalabe dalaivala, ine n'kumakwera, ndipo sindinawamvepo akudandaula. Anzawo amawatcha a Mazira, chifukwa amatsika ndi miyala m'dzenje ngati anyamula mazira. Galimoto yawo ndi nambala 14 ija mumaitcha mkazi mnzanu.

Chaka chatha akuluakulu anandiitanira m'chipinda cha misonkhano n'kutseka chitseko. Anati magalimoto khumi ndi awiri amene alowe m'shedi chaka chino sitingowamanganso ayi, tiwaikenso makamera, tinyanga ndi mabokosi a kompyuta kuti aziyenda okha, opanda dalaivala. Aziwayang'anira anthu ochepa okhala m'chipinda cha makompyuta. Anati ntchito yonseyo nditsogolere ine. Kenaka anandipatsa pepala loti ndisaine kuti sindiuza munthu aliyense mpaka iwo atalengeza. Ndinafunsa za madalaivala, iwo anati adzawaphunzitsa ntchito ya m'chipinda muja, palibe adzatayidwe. Ndinasaina. Ndisakunamizeni achemwali, tsiku limenelo ndinatuluka ndikumva kukoma kuti asankha ine.

Patapita miyezi iwiri, Lamulungu lina masana, alamu anandipeza ndikuchapa ovololo kuseri kwa nyumba. Anakhala pa ndowa yovundikira n'kuyamba kundiseka kuti bwana wamkulu akuchapa yekha chifukwa akazi onse amathawa nkhope yake. Titaseka anatulutsa kalata m'thumba. Mnzawo wakale anawapezera malo ku mgodi wina waung'ono, kutali ndi kuno, ndipo ankafuna yankho sabata yomweyo. Anati iwo mtima wawo uli pano, koma akumva mphekesera zoti kukubwera magalimoto oyenda okha. Anandiyang'ana n'kunena kuti, “Alamu, inu mumakhala pafupi ndi moto. Ndipite kapena ndikhale?”

Manja anga anali m'thovu. Ndinakumbukira pepala ndinasaina lija, ndinakumbukiranso lonjezo loti palibe adzatayidwe, n'kusankha kulikhulupirira chifukwa linkandipeputsira katundu. Ndinawauza kuti mphekesera za pamgodi sizitha, ndipo munthu wa zaka makumi awiri pantchito sasamuka chifukwa cha zokamba za m'basi. Anapinda kalata ija n'kunena kuti ngati mwatero inu, basi ndakhala. Anandithandiza kufinya ovololo, iwo mbali ina ine mbali ina.

Nambala 14 inali yachitatu kulowa m'shedi. Anaibweretsa okha mpaka pakhomo, n'kuiimika pa mzere wachikasu ndendende, osafuna wowakodola. Anatsika makwerero atanyamula katsamiro kaja munawasokera ndi chithunzi cha ana chimene chinkakhala pafupi ndi chiwongolero. Anasisita tayala n'kundiuza kuti ndimusamale mayiyu, akabwerako adzakhale mtsikana. Amakanika onse anaseka. Mabokosi a makamera anali kale m'sitolo, kuseri kwa khoma limene iwo anatsamira, ndipo makiyi ake anali m'thumba mwanga.

Akuluakulu analengeza patapita masabata atatu, mu holo yodyeramo. Madalaivala anakhala kumbuyo, ena atangoweruka. Mkulu wa mgodi atafotokoza zonse, anatchula dzina langa kuti ndi amene wakhala akukonzekera ntchitoyi kuyambira chaka chatha, ndipo anandiuza kuti ndiimirire. A kumaofesi anawomba m'manja. Nditatembenuka ndinaona alamu akundiyang'ana. Sanakwinye nkhope, sanapukuse mutu. Anangovala chisoti chawo n'kutuluka.

Maphunziro aja anachitikadi, koma malo anali asanu ndi atatu pa madalaivala oposa makumi anayi, ndipo panali mayeso a pa kompyuta owerengera nthawi. Alamu anapita masiku onse, ankakhala kutsogolo ndi kope lawo. Koma maso awo mukuwadziwa, tizilembo tating'ono timawavuta, ndipo zala zozolowera chiwongolero zinkadinda mabatani awiri nthawi imodzi. Sanakhoze. Ndinapita kwa mkulu woona za antchito kukawapempherera kuti alembenso. Anandimvetsera mwaulemu n'kundiuza kuti akawalola iwo ndiye kuti alole onse. Ndinafunsa ngati angalowe m'shedi mwanga, anati alibe pepala la umakanika. Ndinaimbira mnzawo wa ku mgodi waung'ono uja, anati malo aja anatenga wina kalekale. Madzi akatayika saoleka.

Tsiku loyesa nambala 14 sindidzaliiwala. Tinaitulutsa yopakidwa penti watsopano, injini ikulira bwino kuposa kale. Inanyamuka yokha, mpando uli wopanda munthu, chiwongolero chikuzungulira chokha. Madalaivala anaima kumpanda kuonerera, alamu ali pakati pawo. Itabwerera ulendo wachiwiri, alamu anandikodola. Ndinapita ndikuti lero anditukwana pamaso pa anthu, ndipo zikanandiyenera. Koma anangondiuza kuti ndikawauze anyamata a makompyuta kuti pa kona yachitatu potsika, dothi la kumanzere limafewa mvula ikagwa, galimotoyo ikudutsa kufupi kwambiri ndi m'mphepete. Anati iwo ankadutsa chapakati. Atatero anabwerera kwa anzawo. Ndinakanena, anapita kukayeza, anapeza kuti n'zoona, n'kusintha njira. Mu lipoti analemba kuti vutolo linapezeka pa nthawi yoyesa.

Tsopano nayi nkhani imene simukuidziwa. Alamu ntchito inatha miyezi iwiri yapitayo. Akamakuimbirani Lamulungu n'kumakuuzani kuti sabata ino atopa ndi mashifiti, si zoona. M'mawa uliwonse amavala ovololo ndi nsapato za ntchito, n'kupita kukakhala pa benchi ya pokwerera basi pafupi ndi geti la mgodi. Amapatsa moni anthu olowa, amafunsa madalaivala a makampani obweretsa katundu ngati kwawo kukufunika munthu. Dzuwa likapendeka amabwerera. Ine ndimawaona pa zenera la basi ya antchito, ndipo masiku ena ndimakhala dala mbali inayo. Aonda, lamba anabowola kabowo kena. Chipinda chimene akukhala n'cha kampani, ndipo awauza kuti atulukemo pakutha pa mwezi uno.

Loweruka lapitali ndinalimba mtima n'kupita kukagogoda. Ananditsekulira, anandipatsa mpando, iwo n'kukhala pabedi. M'chipindamo munali mosesa bwino monga mwa masiku onse, koma pa chitofu panalibe chizindikiro choti paphikidwapo kanthu. Ndinawapempha kuti asamukire kwanga, ine ndigona pansi monga kale. Anakana. Ndinayamba kufotokoza za pepala ndinasaina lija, iwo anakweza dzanja.

“Za makinawo sindikukuimbani mlandu,” anatero. “Mukanakana inu akanapeza wina. Koma tsiku lija ndinakufunsani ngati m'bale wanga. Simukanatchula n'komwe za makina. Mukanangoti, alamu, pitani. Mawu awiri okha. Ine ndikanamva.”

Ndinalira ngati mwana, iwo n'kumangoyang'ana pansi. Kenaka anandipatsa kansalu koti ndipukutire nkhope, n'kunena kuti ndisiye, anthu oyandikana nawo angaganize kuti kwagwa maliro. Ndikutuluka anandigwira mkono n'kundiuza kuti ndisakuuzeni kanthu. Anati adzakuuzani okha akapeza pena pogwira, chifukwa sangabwere kunyumba chimanjamanja, ana n'kumawaona atakhala pakhonde dzuwa lili pamutu.

Ndalingalira masiku anayi. Ndinasunga chinsinsi kamodzi chifukwa choopa akuluakulu, ndipo mwaona chimene chinabala. Ichi sindisunga, ngakhale andipempha ndi iwo. Pena pogwira pamene akudikirapo sipakuoneka. Migodi yozungulira kuno yonse ikulowera komweku kwa magalimoto oyenda okha, ndipo munthu wa msinkhu wawo samuyang'ana kawiri. Ndikuopa kuti mwezi ukatha adzasowa kolowera, ndipo chifukwa cha manyazi adzapita kumene sitingawapeze.

Pempho langa ndi limodzi, achemwali. Aimbireni, muwauze kuti mwamva zonse ndipo abwere kunyumba. Musadikire Lamulungu. Musawafunse chifukwa chimene anakubisirani, musawafunsenso kuti tidya chiyani, mafunso amenewo akudzifunsa okha tsiku lililonse pa benchi paja. Muwauze kuti mukuwafuna iwowo. Ine akhoza kundikanira, koma inu sanakukanirenipo chiyambire. Za ulendo ndi katundu wawo ndikonza ine, ngati angalole. Mkwiyo umene mukhale nawo mukatha kuwerenga, musawapatse iwo. Ndi wanga, ndipo mukafuna kundikalipira foni yanga ndi yomwe ija, ndidzayankha.

Amayi musawauze kaye mpaka alamu atafika. Akadzafika ndidzawauza ndekha mbali yanga, asadzamve kwa wina.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti juzi ija ndikuvala. Moni kwa achimwene aakulu ndi akazi awo, kwa azakhali, ndi kwa apongozi anu. Ana onse muwapsompsone, makamaka wamkuluyo amene akulemba mayeso chaka chino. Musamuuze zambiri, aike mtima pa sukulu.

Kalatayi ndipatsira dalaivala wa basi ya mawa m'mawa. Ikangonyamuka, ndipita pa benchi paja kukawauza alamu kuti ndakulemberani, kuti foni yanu isawadzidzimutse. Mwina sadzandiyankhulanso. Ngati zitatero ndidzapirira, bola akhale kwanu, akudya ndi ana awo. Lolemba m'shedi mukulowa galimoto yachisanu ndi chiwiri, ndipo amene aibweretse pakhomo ndi bambo wa ana anayi. Ndidzakhala pomwepo kuilandira.

Tsalani bwino achemwali. Mundikhululukire ngati mungathe.

Ine mlongo wanu,
Mzime wa amayi