Masamba Amene Mayi Rukmini Ankadumpha

Lolemba, 2 Okutobala

Kutentha. Mzinda wonse wa Semarang ngati auika pachiwaya. M'galaja ya mayi Rukmini fani ikungotembenuza mpweya womwewo. Mabuku anayi alowa mulaibulale ya osaona lero, onse adutsa m'maso mwanga. Anzanga amajambula masamba pamakina, kompyuta n'kusandutsa zithunzizo kukhala zilembo, ine n'kumatsuka zimene kompyutayo yaipitsa. Lero paliponse pamene pali "rn" yaikapo "m". Zaka zonse zija ndikukonza zolakwika kunyuzipepala ndinkalandirako kenakake. Pano malipiro ndi tiyi wa shuga wambiri ndi tempe, timitanda ta soya tokazinga.

Mayi Rukmini: eni galaja, eni makina, eni tiyi. Tsamba lojambula iwo silipendekeka, silionetsa chala. Ndimawachitira kansanje.

Lachitatu, 4 Okutobala

Foni ya bambo Sarjono. Ndi osaona, amasisita anthu misana kuseri kwa msika, ndipo mabuku athu amamvera pafoni akamadikira makasitomala. Dandaulo lawo: m'mabuku athu achikondi, mwamuna ndi mkazi akangotseka chitseko, pomwepo tambala walira, mkazi akuphika mpunga. M'buku lina akuti anthu anangogwirana dzanja, mutu wotsatira mwana wabadwa. "Mayi Ningsih, kodi olemba a masiku ano onse ndi mashehe?"

Ndaseka. Ndawauza kuti mabukuwo ndi mmene analembedwera. Ine ndimayang'ana chilembo chilichonse.

Loweruka, 7 Okutobala

Chilembo chilichonse, inde. Manambala a masamba ayi. Timawachotsa dala poyambirira kuti foni isamawatchule pakati pa chiganizo. Ndiye tsamba likasowa, adziwa ndani? Ndatsitsa buku lenilenilo pashelefu. Lathu likuchoka pa 211 n'kukatera pa 216. Lina chimodzimodzi. Linanso. Onse anajambula mayi Rukmini. Amadumphanso mwaluso, pamene ndime yathera, osasiya chipsera.

Manyazi mpaka m'makutu. Pansi pa buku lililonse pali dzina langa, kuti ndinaliunika.

Lachiwiri, 10 Okutobala

Ndawafunsa mayi Rukmini tili awiri, moyambira kutali. Sanakane n'komwe. Akuti anthu osaona ali kale ndi mayesero okwanira, tisawawonjezere machimo m'makutu. Akuti iwo ndi Hajati, anapita ku Maka, sangagoneke zoterezo pamakina amene anagula ndi chuma cha malemu amuna awo. Ndati lamulo la laibulale ndi buku lathunthu, monga momwe woona amaligulira musitolo. Andithirira tiyi wina.

"Mng'ono wanga, galaja inotu anthu ambiri akuifuna. Dzana kunabwera wina, akufuna azigulitsiramo mafoni." Uku akumwetulira.

Ndikabweza mabukuwo kuti ajambulidwenso, tilibe denga, tilibe makina. Penshoni yanga singagule ngakhale chivundikiro chake. Ndikakhala chete, bambo Sarjono azingomva atambala.

Lachinayi, 12 Okutobala

Sindinabweze. Tsiku lonse ndakhalira kukonza mipumiro m'buku la ulimi wa bowa. Bowa sakhumudwitsa munthu. Mantha basi, palibenso dzina lina.

Masana ndaimbira bambo Sarjono n'kuwauza zoona zake. Kuulula kwa munthu amene sangachitepo kanthu n'kosavuta.

Lolemba, 16 Okutobala

Sangachitepo kanthu! Bambo Sarjono atulukira kugalaja panjinga yamoto ya hayala, malaya a nsalu ya batiki osita bwino, ndodo yoyera, phava la nthochi m'manja. Akhala pamphasa, amwa tiyi, athokoza mayi Rukmini ndi ulemu wonse chifukwa cha ntchito yachifundo. Ayamikira mpaka mayiwo kuyamba kupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. Kenaka, ndi mawu ofatsa omwewo:

"Mayi Hajati, ndili ndi ana asanu ine. Mukuganiza kuti ndinachita kuwatola pamsika? Anafa ndi maso okha. Tsamba likandichititsa manyazi, chala chodumphira ndili nacho."

Mayi Rukmini anyamuka, alowa m'nyumba. Bambo Sarjono atsiriza tiyi wawo mosapupuluma, afunsa ngati tempe watha.

Lachisanu, 20 Okutobala

Galaja yokhoma kuyambira tsiku lija. Anzanga sakundiyankhula bwino. Akuti kodi timasamba tingati poyerekeza ndi mulu wa mabuku amene akudikira? Mwina akunena zoona. Pali mtsikana wosaona wa kuyunivesite, akudikira buku la zamalamulo, mayeso ali pakhomo. Lili m'galajamo, lojambulidwa theka. Ndatsekera anthu laibulale chifukwa cha kupsompsonana kwa anthu amene kulibe.

Ndakafunsa kusukulu yapafupi ngati angatibwereke chipinda. Chipinda chilipo. Makina ndiye mulibe. Ndakwiyira mayi Rukmini, ndakwiyira bambo Sarjono, kenaka ndasowa wina, ndadzikwiyira ndekha.

Lolemba, 23 Okutobala

Mvula yoyamba. Uthenga wa mayi Rukmini: bwerani. Ndapita ndi makatoni, poganiza kuti ndi zokatola katundu wathu.

Galaja yotsekula, yosesa. Iwo ali pamakina, magalasi pamphuno, mulu wa mabuku achikondi pambali. Osandiyang'ana. Akuti ngati masamba ajawa ayenera kujambulidwa basi, ajambula okha, asawagwire atsikana athu osakwatiwa. Tchimolo likhale la munthu mmodzi. Ine ndiziunika ndi maso, mawu a kompyuta nditatseka, anansi angamve. Buku la zamalamulo lija analitsiriza kale Loweruka.

Ndakhala pampando wanga. Masamba akubwera limodzilimodzi, owongoka, oyera, mwina kuposa ena onse. Ena ndi a m'mabuku amene ine sindinawakayikire n'komwe.

Ndinati ndiwathandize, ndiziwatchulira manambala a masamba osowawo. Angokweza dzanja, ayi. Akungotenga buku, n'kutsekula kamodzi, pamalo pake penipeni.