Chitseko cha Galaja Chitakana Kubwerera

Lolemba, 9 Juni

Chitseko cha galaja chasintha kaliridwe. Kale mota inkangoti mmmm mpaka m'mwamba. Lero itafika pakati yachita ngati yatsamwa, tcheni n'kugwedezeka, kenako n'kupitiriza. Zaka makumi atatu ndi zinayi ndinkamvetsera makina kufakitale. Miyendo ndi imene inafa, makutu adakali moyo.

Pobwera kusitolo ndaona tiufa toyera pasimenti, ndendende pansi pa bokosi la mota. Ndatola ndi chala chonyowa. Si fumbi, si chiswe. Pulasitiki. Ndiye kuti giya yoyera ija m'katimo ikudyeka mano.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti limeneli ndiye khomo langa lokhalo. Kumaso kuli masitepe asanu, ndipo njinga ya olumala siuluka. Kuchokera kukhitchini kulowa m'galaja n'pathyathyathya, ndikadina rimoti basi ndatuluka. Chitsekochi chikafa ndine mkaidi.

Ndipo Kapitawo ananeneratu. Mwana wanga wamkaziyo sindinam'patse dzinali pachabe, anayamba kutilamula asanayambe n'sukulu yomwe. Tsiku limene ndinatuluka m'chipatala anandiloza chala: "Bambo, ndakulolani kukhala nokha. Koma mukadzangotsekeredwa m'nyumba muno ngakhale ola limodzi, ndikubwera kudzakutengani." Kwake anandikonzera kachipinda ka windo loyang'ana khoma. Muno ndinakhala ndi malemu mayi ake zaka makumi anayi. Sindichoka.

Lachiwiri, 10 Juni

Chatseguka kawiri, chatsamwa kawiri. Ufa wawonjezeka. Ndinati ndiimbire okonza, kenako ndati mawa. K., Kapitawo uja, waimba masana kufunsa ngati zonse zili bwino. Ndati zili bwino zedi. Abwera Loweruka.

Lachitatu, 11 Juni

Phewa likuwawa, zilembo zikupita kwawo, komabe ndilembe.

Ndimachokera kusitolo cha m'ma 10 koloko m'mawa. Chatseguka bwinobwino. Pakhomo la galaja pali kamzere kotukuka ka simenti, kuti ndidutse ndimawerama n'kukankha mateyala mwamphamvu. Rimoti inali m'thumba la malaya. Powerama ndaidina ndi bondo osadziwa. Ndangomva mota yayamba. Teyala lakodwa pakamzere paja, kutsogolo ayi, kumbuyo ayi.

Chitseko chabwino chikakumana ndi chinthu chimabwerera. Ichi sichinabwerere. Chandipeza paphewa lamanzere, chandipinda mpaka mphuno pamawondo, n'kukhala pa zogwirira za njinga. Mota ikukankhabe. Ndimamva zitsulo za njinga zikulira, mpweya osalowa. Rimoti yagwa pansi, ndikuiona apo, osaifikira. Ndinaganiza kuti ha, makanika kufera pachitseko chake chomwe, anthu akaseka pamaliro.

Kenako kwarrr! Mota yayamba kuzungulira yokhayokha, kukankha kwatha. Chitseko changondikhalira pamsana ngati ng'ombe yagona.

Aphunzitsi, anzanga opuma ntchito a nyumba yoyandikana nayo, ndi amene anamva kukuwa. Afika ndi payipi yothirira maluwa m'manja, madzi akutulukabe. Amafuna kuthamangira chingwe chofiira chija chomasula chitseko ku tcheni. Ndati ayi! Ikani kaye benchi pansi pake, chingandimalize. Akwawa, aika benchi, akoka chingwe. Atayesa kunyamula okha chakana. Mwamwayi wowerenga mita ya madzi amadutsa, awiriwo anyamula, andikankhira m'kati. Atachotsa benchi n'kutaya, gubudu! mpaka mawindo kunjenjemera.

"Achimwene, tiyeni kuchipatala. Timuimbire mwana."

Ndawagwira dzanja. Ndati mukangomuuza, chinansi chatha.

Phewa lada bii mpaka kumsana. Mkono ukukwezeka, ndiye kuti fupa silinathyoke. Ino ndi 5 koloko, ndatsekeredwa maola asanu ndi awiri. Iye anati ola limodzi.

Lachinayi, 12 Juni

Aphunzitsi alowera kumaso ndi makwerero awo. Ndawauza azule kaye pulagi, kenako amasule masikuluwu anayi a chivundikiro. Ufa wawagwera m'maso mpaka kuyetsemula. Ajambula m'katimo ndi foni n'kunditsitsira. Monga ndinanenera. Giya yapulasitiki yatha mano mbali imodzi, yasalala ngati nkhama za khanda. Mota ili bwino, tcheni ili bwino.

"Ndiye tigule giya ina, timange, nkhani yatha. Mwana sadziwa kanthu." Ine n'kuvomera, mtima mbee.

Ndikukweza mutu kuti ndiwauze nambala ya giya, maso anga agwera pa timaso tiwiri ta magetsi ta chitseko, tili kudenga.

Ndilembe zoona, buku lino silikaulula. Timaso timeneti malo ake n'pansi, kena uku kena uko, kuti chinthu chikadutsa pakati chitseko chiime. Chaka chatha dzuwa la m'mawa linkawomba kamodzi, chitseko n'kumakana kutseka. Ine ndi amene ndinauza Aphunzitsi kuti atichotse, atimangirire ndi tepi kudenga tikuyang'anizana. Patapita miyezi chitseko chinayamba kuima panjira. Ine yemweyo ndinawauza kuti apotoze sikuluwu yowonjezera mphamvu. Kanayi konse, mpaka inafika pothera. Ankafunsa ngati sizoopsa, ine n'kumati inu munkaphunzitsa mbiri yakale, za makina ndisiyireni.

Ndiye kuti dzulo chitseko chinalibe maso, chinalibe chisoni, ndipo amene anachichotsa zonsezo ndi mwini phewali. Chimene chinandipulumutsa ndi giya yakuthayo. Ikanakhala ndi mano ake onse, mota ikanakankha mpaka simenti. Ndipo ine ndinali pafupi kuigulira mano atsopano n'kusiya zina zonse momwemo.

Aphunzitsi ali pamakwerero kudikira.

Funso lina: giya inatheranji? Mota si yonyamula chitseko, yonyamula ndi sipuling'i yaikulu ija pamwamba pa khomo. Mota imangoperekeza. Ngati amuna awiri anachita kubuula ponyamula, sipuling'i yatopa kalekale, ndipo kagiya kankasenza katundu wosakhala wake. Aphunzitsi akuti aimange ndi masikuludiraiva awiri. Ndawaletsa mokalipa. Kufakitale ndinaona sipuling'i yocheperapo ikuchotsa munthu mano anayi. Ndawaika m'mavuto okwanira akuluwa.

Ndaimbira okonza ndekha. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Akuti mawa m'mawa.

K. waimba. Akuchipatala amuuza kuti sindinapite kokawongola miyendo lero. Ndati kachimfine. Mpaka ndatsokomola pafoni, nkhalamba yonseyi.

Lachisanu, 13 Juni

Ndimayembekezera bambo wa ndevu. Kwabwera mayi wa msinkhu wa K., ovolosi yodetsedwa ndi girizi, wosachulutsa mawu. Walonjera bwino, wakwera makwerero, wayang'ana giya, wayang'ana kudenga, wayang'ana sikuluwu. Kenako watsika pang'onopang'ono.

"Bambo, anachita izi ndani?"

Aphunzitsi, amene anabwera kudzaonerera, ayang'ana nsapato zawo. Zinali zosavuta kungokhala chete, manja anali awo ndithu. Ndati ndine, mayi. Awa ndinkangowatuma.

"Munkagwira ntchito yanji?"

Ndanena. Sanaseke, bola akanaseka. Wangoti, "Amene amandivutitsa ndi odziwa. Osadziwa amaopa."

Wagwira ntchito mwaukhondo, ndivomere. Sipuling'i yakale waimasula ndi timipiringidzo take tiwiri, mutu ataupatutsira kumbali, ife atatiuza kuti tikhale kutali. Yatsopano waimanga akuwerenga mokweza. Kenako wanyamula chitseko ndi dzanja limodzi, wachisiya pakati. Chaima chokha osagwa. Kuwala kwa panja kutalowa, ndaona msewu koyamba chichokereni Lachitatu, misozi inatsala pang'ono kundichititsa manyazi.

Giya yatsopano waipaka girizi, wabwezeretsa tcheni, waisiya yosathina kwambiri. Timateyala tiwiri ta m'njanji tinali titaphwanyika, wasintha. Timaso watitsitsa pansi, koyang'ana dzuwa kaja wakaveka kachidutswa ka payipi ngati chipewa. Mphindi ziwiri zokha. Ine chaka chatha nzeru imeneyi inali kuti? Sikuluwu ya mphamvu waibweza kutali.

Pomaliza watenga thabwa m'galimoto mwake, waligoneka pakhomo, wandipatsa rimoti. Akuti ndidine ndekha. Chala chimakana. Phewa layamba kuwawa chitseko chisanayende n'komwe. Ndadina. Chatsika, chatsika, changokhudza thabwa n'kubwerera m'mwamba ngati chapepesa. Thabwalo wandisiyira, akuti ndiziyesa kamodzi pamwezi.

Akulongedza zida anaona mmene ndikugwirira mkono. "Ana anu akudziwa?" Ndati akudziwa. Bodza lachitatu sabata ino.

Ufa uja ndasesa wonse. Giya yakutha ndaikulunga m'pepala n'kuiponya pansi pa bini. Mawa ndivala juzi yokwera m'khosi. Zatheka.

Loweruka, 14 Juni

K. wafika cha m'ma 11 ndi majumbo ake a masiku onse, mankhwala, zipatso, sopo amene sindinam'tume. Ndam'tsegulira galaja ndili kukhitchini. Walowa akudabwa kuti chitseko chikuyenda mwakachetechete. Ndati ndinaitanitsa okonza adzachione, chinayamba kulira pang'ono. Wandiyang'ana ngati ndakhoza mayeso.

Wayendera nyumba monga mwa mwambo wake, firiji, bafa, botolo la mapiritsi. Kenako wakhala pampando wa mayi ake n'kuvula nsapato. Sakhalapo kawirikawiri.

"Bambo, kachipinda kaja ndikupereka kwa mdzukulu wanu, aziwerengeramo. Ndaona kuti mukutha kukhala nokha. Poyamba sindinkagona, ndinkangoti mwina agwa, mwina atsekeredwa. Koma ndazindikira kuti pakanakhala vuto mukanandiuza."

Ndinapambana pamenepo. Chimene ndinamenyera sabata yonse wandipatsa m'manja, akumwetulira. Koma kapu ya tiyi ndinaiika pansi osamwa. Mwana akuti wayamba kugona tulo chifukwa bambo ake sanama.

Ndati Kapitawo, tandithandiza kuvula juzi iyi.

Ataona phewa sanakuwe. Iye amene amakuwa ndi nkhani ya sopo yomwe! Ndafotokoza zonse mwandondomeko, rimoti m'thumba, benchi, masiku awiri m'nyumba, chimfine chabodza, timaso kudenga, sikuluwu. Ndanenanso kuti giya ikanakhala yatsopano, Lachitatu akanamuimbira foni ya maliro. Wandigwira fupa ndi zala, wandikwezetsa mkono, wandibwezera juzi. Kenako wavala nsapato n'kulowa m'galaja.

Ndimaganiza kuti akukatsegula buti ya galimoto. Ndinayamba kale kuyang'ana m'khitchini kuti ndinyamula chiyani, ndisiya chiyani.

M'malo mwake ndamva mota. Chitseko kutsika, kubwerera. Kutsika, kubwerera. Wapeza thabwa lija. Ndawerenga ka khumi ndi kawiri. Pakati pake ndimamva akumina.

Walowa maso ali psuu, thabwa m'manja, wandiikira pamiyendo.

"Lolemba tikukajambulitsa phewalo, osatsutsa. Ndipo ili si la pamwezi. Tiziyesa limodzi Loweruka lililonse, ine ndikuona. Chitseko chikadzakana kubwerera, kapena mukadzandinamizanso, katundu m'galimoto tsiku lomwelo."

Ndati Loweruka lililonse?

"Mwamva bwino. Tiyi wanu wazizira, bweretsani kapu."