Dzanja la Bambo pamphumi pa Salcedo

Achimwene Renato,

Ndikhulupirira muli bwino ku Doha. Kuno ku Cebu tilipo, mvula yokha ndiyo yatitopetsa.

Ndaona mwatumizanso kwa abale onse kanema wa Salcedo, mwini kampani ya intaneti komwe ndimagwira ntchito, n'kulemba kuti "munthu wa anthu". Tamverani. Tsiku lija anafika kwathu ndi makamera atatu, anawerama n'kuika dzanja la Bambo pamphumi pake kupempha dalitso, ngati mwana woleredwa bwino. Anabwereza kanayi, akuti kuwala sikunali bwino. Atatha anadzipukuta pamphumi ndi mankhwala ophera majeremusi, Bambo akuona.

Mwezi watha phungu amene Salcedo akumuimira kumbuyo pachisankho analengeza kuti nyumba za kwathu zigwetsedwa. Bambo analemba patsamba lawo la pa intaneti kuti, "Mwana uja ndinamudalitsa ali kuti?" Ola lisanathe mawuwo anafufutidwa. Kenaka anthu makumi anayi anayamba kuwatukwana kuti ndi chidakwa, munthu woti mowa sanaulawepo. Inu nthawi imeneyo munkaika timitima tosonyeza kukonda pakanema wa Salcedo uja.

Bambo anasiya kupita kutchalitchi chifukwa cha manyazi. Dzulo anandifunsa kuti, "Luningning mwanawe, anthu onsewa amandidziwira kuti? Wina amalemba ngati iwe."

Ndinathawira kukhitchini.

Mayi akupereka moni, akuti nsapato munatumiza zija zawakwana. Musandifunse kuti patebulo langa kuntchito pali mafoni angati, foni iliyonse ndi dzina lake labodza lolembera pa intaneti. Kanema uja muchotse, apo ayi bwerani mudzawayankhe nokha Bambo.

Ndine mlongo wanu,
Luningning