Madzi Okhaokha kwa Kum Radivoje

11 Epulo
Radivoje Ćirković. Ndilembe dzina lonse. Kum wathu, munthu amene anandinyamula pa ubatizo. Lamulungu lapitali anabwera kudzamwa khofi, kenako akuti tiye ndikaone mitengo ya mapulamu ya malemu bambo ako. Ine chitsiru kuwaperekeza. Akuyenda pang'onopang'ono kuchokera kumpanda mpaka kumalire, milomo ikugwedera. Ndimati akupempherera bambo. Kani akuwerenga mapazi! Lero kalata yochokera ku kampani ya madzi komwe amagwira ntchito. Munda wathu akuti ndiwo malo okwera pafupi ndi mtsinje, akufuna kumangapo nyumba ya mapampu.

14 Epulo
Msonkhano kusukulu. Mapu, zithunzi, mainjiniya a nsapato zosadziwa matope. Mapampu akale ali kudambo, mtsinje ukasefukira amamira, tauni yonse mipope gwa. Ndani sadziwa? Chaka cha chigumula ndine ndinkaima pamzere wa galimoto ya madzi milungu itatu, amayi ali chigonere ndi m'mimba. Sindikukana zimenezo. Koma munda wa a Kum nawonso uli pachitunda. Ndafunsa pagulu. A Kum akuti, "Slađana mwana wanga, kwathu kuja pansi ndi thanthwe, mapaipi sangadutse." Ndati bwanji simunanene muli ndi kapu yathu m'manja? Anthu kuseka. Amayi kunditsina mpaka kusiya chipsera.

19 Epulo
Amayi asayina pepala lopereka mundawo, osandiuza. "Kum sakanidwa, iwe, ukufuna tsoka?" Basi. Mitengo makumi anayi ndi iwiri. Bambo anabzala chaka chomwe ndinabadwa. Yonse ili m'maluwa.

26 Epulo
Macheka kuyambira m'mawa. Ndatseka mazenera, phokoso likulowabe. Maluwa mbuu mpaka pakhonde. Wa thirakitala akuti, "Achemwali, nkhunizi tikuunjikireni pati?" Ndamuuza akatule pakhomo pa bwana wake. A Kum sanaoneke. Amantha.

2 Meyi
Mvula masiku anayi. Mtsinje watsala pang'ono kunyambita mlatho. Amayi Zagorka apafupiwa aima pampanda kuyang'ana dzenje la maziko: "Bola amange msanga, mwanawe, ine ndowa sindingathenso." Koma nanenso ndadzaza bafa, mapoto, mabotolo onse. Mwina za thanthwezo n'zoona. Mwina panalibedi malo ena. Zikundinyansa kuti ndalemba zimenezi. A Kum akanangokhala patebulo n'kupempha ngati munthu, ndikanalira, ndikanatukwana, kenako kaya. Koma kundiyendetsa m'munda mwa bambo anga ngati wowagwirira chingwe choyezera!

6 Meyi
Slava yathu, tsiku la woyera wa banja. Kum saitanidwa, amangobwera. Abweradi, tayi pakhosi, akhala kumutu kwa tebulo monga chaka chilichonse. Ndazungulira ndi thireyi yolandirira alendo, aliyense supuni ya jamu wa mapulamu athu ndi tambula ya madzi. Botolo lomaliza la jamuyo. Kufika pa iwo, ndabweza mbale ya jamu kumbuyo. Madzi okha.

Amalume Obrad kutsokomola. A Kum ayang'ana tambulayo nthawi yaitali, amwa onse mpaka pansi. "Ndamva, mwana wanga." Atenga chipewa, atuluka buledi wa slava asanadulidwe.

Amayi akulira kukhitchini, akuti ndadula ubale wa ukum wa mibadwo itatu. Akuti mawa ndikapepese. Sindipita. Ndipo nkhani imeneyi sindidzaitchulanso, kwa amayi, kwa wansembe, ngakhale m'kope muno.