Pulinta ya Abwana Yadwala

Abambo a mwana,

Pepani, andiitana kuntchito Loweruka lomwe lino. Mwanayu thupi likadali lotentha, mupite naye nokha kuchipatala. Khadi lake lili pamwamba pa filiji.

Fayilo imene seva, kompyuta yaikulu ya kuntchito, imagwiritsa ntchito pogawira makompyuta ndi mapulinta maadiresi awo a pa netiweki imapangidwa ndi pulogalamu ndinalemba ija, ndipo pamwamba pake pali chenjezo loti munthu asaisinthe ndi manja. Dzulo abwana analowamo okha, napatsa pulinta yawo adiresi yakeyake. Lero pulogalamu yapanga fayilo yatsopano, zomwe analembamozo zafufutika, pulinta yangoti zii. Wolakwa ndine, eti! Akalipa pafoni ngati ndawabera.

Adokotala akafunsa kuti mayi ake ali kuti, muwauze kuti akudwazika pulinta ya abwana.

Ndine mkazi wanu wotopa.