Kamwala ka ku Pompei

Lolemba, 6 Okutobala

Amayi asankha ine. Ati, "Mena, iwe ngakhale utalowa m'tchalitchi ndi mbuzi palibe angakuone."

Mkulu wanga Assunta ndi woyembekezera, mwezi wachisanu ndi chitatu. Anapita padera kawiri. Amayi akuti tsoka lonseli ndi kamwala kamene alamu Catello anatola ku Pompei, mabwinja a mzinda wakale, adakali pachibwenzi. Koyera, kamakona anayi, ngati dzino. Kabwerere kwawo mwana asanabadwe.

Alamu angoseka. "Kamwala kamodzi! Mzinda wonse uja si miyala yokhayokha?" Koma kupita okha akana. Ati bondo.

Lachitatu, 8 Okutobala

Kufakitale ndatseka mapaketi a pasta mokhota mpaka kukalipiridwa. Mnzanga Carmela akuti wopezeka ndi mwala m'thumba amapita naye kupolisi, dzina lake n'kutuluka m'nyuzipepala. Ndani angakhulupirire kuti ndikubweza, sindikuba?

Ndayeserera kukhitchini. Kugwada ngati ndikumanga chingwe cha nsapato. Kutsegula dzanja. Kudzuka pang'onopang'ono.

Alamu ati anakatola pakhomo la nyumba ya chithunzi cha galu pansi. Ine sindinalowemo mumzinda uja, ngakhale kuti ndi pafupi. Ndiyenda m'gulu la wotsogolera alendo, andifikitse.

Loweruka, 11 Okutobala

Ndabwerako.

Jasi la buluu, kamwala m'thumba limodzi ndi makiyi. Pageti mlonda anayang'ana chikwama changa. Ndinafinya thumba mpaka kiyi kundicheka chala.

Wotsogolera, bambo Cascone. Wamfupi, ambulera yofiira m'mwamba, mawu ngati belu. Tisanayambe n'komwe: "Pano timatola ndi maso okha. Wotola ndi manja akagona kwa apolisi, ndipo pasta yawo ndi phala." Onse kuseka.

Misewu ya miyala ikuluikulu, mapazi kuwawa. Mauvuni a buledi. Kenako mitembo ya anthu amene phulusa la phiri lophulika linawakwirira kalelo. Mmodzi mayi, wagona chammbali, manja pamimba. Sindinayang'anenso. Assunta amagona choncho.

Nyumba ya galu inali chakumapeto. Galu wakuda, mano pamtunda, wopangidwa ndi timiyala ngati kangaka. Anthu kuunjikana ndi mafoni. Ndinatsalira m'mbuyo, ndinagwada, ndinatulutsa.

Dzanja osatseguka. Zala zinangouma gwa.

"Iwe chemwali wa jasi la buluu! Chili m'manjamo n'chiyani?"

Gulu lonse cheu. Bambo Cascone anabwera, ambulera kutsogolo. "Siya pansi pomwe watolapo! Msanga! Nkhope ngati ya sisitere, manja ngati a khoswe!"

Ndinasiya. Anakakankhira m'mbali mwa khomo ndi nsonga ya ambulera. "Kakhala pamenepa zaka zikwi ziwiri, lero kakufuna iwe?"

Sanaitane alonda. Njira yonse yotsala anandiyendetsa pambali pake ngati mbuzi yokagulitsa. Mayi wina anasamutsira chikwama chake kuphewa linalo. Manyazi ngati ndingofa. Koma kabwerera.

Lamulungu, 12 Okutobala

Amayi aphika nyama ya msuzi wa tomato ngati pa Pasaka. Andipsompsona pachipumi. Alamu atamva za khoswe aseka mpaka kutsamwa. Ati, "Mlamu, ndiwe wakuba woyamba kugwidwa ukubweza."

Assunta sanaseke. Watenga dzanja langa, chala chochekeka chija, waliika pamimba pake. Mwana anakankha.

Ndagona bwino masana onse.

Lachiwiri, 21 Okutobala

Assunta amutengera kuchipatala m'mawa uno. Masiku sanakwane. Amayi sakuda nkhawa. Potuluka ati, "Mwala unapita, choopa n'chiyani? Mena, tenga jasi, kuchipatala kumazizira."

Ndinalitenga. Ndinapisa m'thumba kufuna makiyi.

Mumsoko, pakona. Kachibenthu koyera, kochepa ngati mpunga. Ndinafinya kwambiri pageti paja, kiyi inakabenthula.

Sindinauze munthu. Ndati mutu ukundipweteka, ndibwera m'mbuyo.

Bambo Cascone akundidziwa nkhope tsopano. Akandionanso nditagwada pakhomo lomwelo, ulendo uno ndi apolisi basi.

Sitima ya masana ya ku Pompei ilipo. Ndavala nsapato za zingwe zija. Foni ikulira patebulo, ndi alamu, ndipo sindikudziwa ngati ndiyankhe kapena ndithamangire sitima.